Makompyuta akonola, wopeta ndani?

Kumapeto kwa January 2005, nyuzipepala zingapo za ku Britain zidatuluka ndi mitu yochititsa nthumanzi: dziko lapansi likhoza kutentha ndi madigiri 11 kuposa momwe lilili. Nkhaniyi idachokera mu kafukufuku yemwe adasindikizidwa m'magazini ya zasayansi ya Nature, ndipo chomwe chidakopa anthu ambiri n'choti masamu a kafukufukuyu sadachitikire pa chimakina chimodzi cha boma kapena cha kampani yolemera. Adachitikira m'makompyuta a anthu wamba oposa 90 000 a m'maiko oposa 140, omwe adalola kuti makina awo azigwira ntchitoyi eni ake akagona kapena akatuluka kukadya nkhomaliro.

Nambala ya 11 ija sidali yopeka. M'zotsatiramo idalimo ndithu. Koma munthu yemwe adawerenga mutu wokha adachoka ndi uthenga wosiyana kwambiri ndi zomwe makompyutawo adaonetsa. Vutoli silidathere mu 2005 momwemo. Likadalipo paliponse pomwe anthu odzipereka akubwereketsa makompyuta awo ku kafukufuku: makina amalavula manambala mwaliwiro loopsa, koma kumvetsa chomwe manambalawo akutanthauza ndi ntchito ina, yochedwa, ndipo nthawi zambiri palibe amaiombera m'manja.

Kwa omwe simudamvepo, kachitidwe kake kali ngati dima. Munda ukamukulira mwini wake, amamema anansi, aliyense n'kupatsidwa ndime yake. Asayansi nawo akakhala ndi funso lofuna masamu ochuluka kuposa momwe makina awo angathere, amaliduladula m'tizidutswa tambirimbiri. Inu mumaika pulogalamu yaulere pa kompyuta yanu, pulogalamuyo imatenga kachidutswa kamodzi kudzera pa intaneti, imakawerengetsera pa nthawi yomwe makinawo angokhala, ikamaliza imabweza yankho n'kutenga kena. Malipiro palibe. Padima pamakhalako mowa kapena thobwa. Apa chomwe mumalandira ndi mapointsi basi, ongoonetsa kuti mwalima ndime zingati.

Njirayi idayamba kudziwika mu 1996 ndi gulu la GIMPS lomwe adayambitsa George Woltman, losaka manambala akuluakulu omwe sagawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iwo eni. Mu May 1999 kudabwera SETI@home ya ku University of California ku Berkeley, ndipo kuchokera mmenemo David Anderson adapanga pulogalamu ya BOINC yomwe lero asayansi a nthambi zosiyanasiyana amagawira ntchito zawo. Kafukufuku wa zanyengo uja, climateprediction.net, adayamba ku Oxford mu 2003.

Tibwerere ku madigiri 11 aja.

Palibe kompyuta yomwe ingalondole mtambo uliwonse ndi dontho lililonse la mvula padziko lonse. Choncho pulogalamu yoyerekezera nyengo imagawa dziko m'mabokosi akuluakulu, lililonse lotalika makilomita mazana angapo, ndipo zing'onozing'ono zochitika mkati mwa bokosi amaziimira ndi manambala oyerekeza: chinyezi chifike pati kuti mtambo upangike, madzi achuluke bwanji mumtambo kuti mvula iyambe kugwa, mtambo umasakanikirana msanga bwanji ndi mpweya wouma wouzungulira. Manambala amenewa sadziwika ndendende. Akatswiri amangodziwa malire, kuti nambala yeniyeni ili penapake pakati pa apa ndi apo.

Chomwe gulu la ku Oxford lidachita n'kutenga pulogalamu ya ofesi yoona zanyengo ku Britain, Met Office, n'kumasinthasintha manambala amenewa mkati mwa malire aja, kenaka n'kupatsa wodzipereka aliyense "dziko" lakelake losiyana pang'ono ndi la mnzake. Funso kwa onse lidali limodzi: mpweya wa carbon dioxide ukachuluka kawiri mumlengalenga, dziko lidzakhazikika pa kutentha kotani? Mwa mayankho pafupifupi 2 000 omwe adabwera, ena adatayidwa chifukwa "maiko" akewo adasokonekera okha asadafike pa funsolo. Ambiri mwa otsalawo adaunjikana pafupi ndi madigiri 3.4, zomwe sizidali zachilendo poti bungwe la IPCC lidali litanena kale kuti yankho lili pakati pa 1.5 ndi 4.5. Ena adatsika mpaka pansi pa madigiri 2. Ochepa adathawira kumtunda mpaka kupyola 11.

Ndiye 11 sudali ulosi wa chaka chakutichakuti, komanso sidali nambala yomwe makompyuta ambiri adagwirizana. Idali nsonga ya mchira. Ndipo pali chinanso chobisika chomwe ngakhale anthu ophunzira amapunthwapo. Tinene kuti mwa mayankho 100 aliwonse, anayi apyola madigiri 8. Izi sizitanthauza kuti mwayi woti dziko litenthe choncho ndi anayi pa 100. Kuchuluka kwa mayankho otere kumadalira manambala omwe ofufuzawo adasankha kuyesa, ndipo iwo adasankha dala ambiri a kumalekezero kuti aone momwe pulogalamuyo ingachitire. Zili ngati kudzaza nokha dengu ndi mango, theka aawisi theka akupsa, kenaka n'kumauza anthu kuti theka la mango a mumtengomo ndi aawisi. Denguro likunena za dzanja lomwe lathyola, osati za mtengo.

Nanga kafukufukuyu adapeza chiyani? Adapeza chinthu chenicheni, ngakhale chosakoma pa mutu wa nkhani. Ena mwa "maiko" omwe adatentha kwambiri aja ankaonetsa nyengo ya masiku ano bwinobwino, osasiyana kwenikweni ndi mapulogalamu ena omwe asayansi ankawakhulupirira. Kutanthauza kuti pa nthawiyo padalibe umboni wokwanira wokanira kutentha koopsako. Zidaonetsanso kuti kagwero kenikeni ka kusatsimikizikaku ndi mitambo, makamaka kasakanikirane kake ndi mpweya wouzungulira. Apa ndi pomwe ntchito idayenera kuloza. Pofika 2021, ataphatikiza umboni wa nyengo zakalekale, zoyeza za masiku ano ndi kumvetsa bwino mitambo, a IPCC adati nambala yodalirika ndi madigiri 3, ndipo mwachidziwikire ili pakati pa 2.5 ndi 4.

Kunena chilungamo, mlandu wa 2005 si wa atolankhani okha. Chikalata chomwe chidapita kwa olemba nkhani chidaika patsogolo nambala ya 11, ndipo mtolankhani yemwe nthawi yamuthera amatola chomwe chili pamwamba. Ife a ntchito yolembayi timadziwana. Koma wasayansi yemwe wapatsidwa makina ndi anthu 90 000 kwaulere ali ndi ngongole kwa anthu amenewo, ndipo ngongoleyo ndi kuwafotokozera zomwe zapezeka m'mawu omwe sangawasocheretse.

Tisadafike n'komwe pa kutanthauzira, pali funso lina la pansi: kodi yankho lomwe kompyuta ya munthu wosamudziwa yabweza n'lolondola? Makina a m'nyumba za anthu si a mulabotale. Ena ndi okalamba, ena amatentha, ena eni ake amawathamangitsa kupyola liwiro lomwe opanga adaika. Kompyuta yotere imatha kuphonya masamu popanda chizindikiro chilichonse. Kuonjezera apo pali anthu achinyengo. Inde, ngakhale pomwe palibe ndalama, mapointsi okha adakwanira kuti ena ku SETI@home azisintha pulogalamu kapena kubweza mayankho osawerengetsera n'komwe, n'cholinga choti dzina lawo likwere pamndandanda.

Mankhwala ake ndi kubwereza. Kachidutswa kamodzi kamatumizidwa kwa makompyuta awiri kapena angapo osadziwana, ndipo yankho limalandiridwa pokhapokha agwirizana. Akasiyana, kamatumizidwanso kwina. Zimadya mphamvu yambiri, koma palibe kuchitira mwina. A GIMPS ndiwo okhwimitsa kwambiri pa izi. Mu October 2024 adalengeza nambala yosagawika yomwe idaposa zonse zodziwika pa nthawiyo, yokhala ndi madijiti 41 024 320, koma asadalengeze adayamba aiyesanso ndi mapulogalamu osiyana pa makina osiyana. Ali ndi chifukwa. Mu 2003 kompyuta ina idanenapo kuti yapeza nambala yotere, chisangalalo chidayambika, koma ataibwereza adapeza kuti n'zabodza. Ndipo kumayambiriro kwa 2016 pulogalamu yawo yomweyo ndi yomwe idaulula kuti makina ena atsopano a Intel, a mtundu wa Skylake, ankauma akapatsidwa masamu ena olemera, mpaka kampaniyo idavomereza n'kukonza.

Komabe kugwirizana kwa makompyuta si umboni woti yankho ndi loona. Kumangotsimikiza kuti onse achita zomwe adauzidwa. Ngati adauzidwa zolakwika, onse alakwa mofanana, ndipo adzagwirizana mokoma. Izi zidachitika mu 2006 pomwe gulu la ku Oxford lija lidagwirizana ndi BBC pa kafukufuku wamkulu yemwe adayamba mu February chaka chimenecho. Patatha miyezi iwiri zidadziwika kuti fayilo imodzi yomwe idatumizidwa kwa onse idali ndi vuto. Utsi wa sulphate wochokera m'mafakitale, womwe umatchinga dzuwa n'kuziziritsako dziko, sudawerengedwe moyenera, choncho "maiko" onse ankatentha msanga kuposa momwe zidayenera kukhalira. Anthu adapemphedwa kuyambiranso. Ambiri adakhumudwa, ndipo n'zomveka; miyezi iwiri ya magetsi si masewera. Koma ofufuzawo adachita bwino kuulula poyera. Akadabisa, manambalawo akadaoneka okongola ndithu.

Pali kusokonezeka kwina komwe kumabwera chifukwa cha kukula kwa manambala. Mu April 2020, dziko lili pa mpanipani wa Covid-19, anthu adakhamukira ku Folding@home, ntchito yomwe Vijay Pande adayambitsa ku Stanford mu 2000 yoyerekezera momwe mapuloteni amapindikira ndi kuyendera. Mphamvu ya makina onse pamodzi idafika pafupifupi ma exaflop 2.4. Exaflop imodzi ndi masamu 1 biliyoni kuchulukitsa ndi 1 biliyoni pa sekondi iliyonse. Idaposa mphamvu ya makompyuta 500 akuluakulu a padziko lonse ataphatikizidwa. Ambiri omwe adalowa ankaganiza kuti makina awo "akusaka mankhwala a corona".

Zotsatira zidatuluka mu 2021 m'magazini ya Nature Chemistry. Mphamvu yonseyo idayerekezera mayendedwe a mapuloteni a kachilomboka kwa nthawi yokwana sekondi 0.1 mukaphatikiza zonse. Musaseke. Pa msinkhu wa maatomu, pomwe zinthu zimagwedezeka mamiliyoni a mamiliyoni pa sekondi, imeneyo ndi nthawi yaitali zedi. Adaona kuti minga ya kachilomboka, ija imabaya nayo maselo athu, imatha kutseguka kwambiri kuposa momwe zithunzi za mulabotale zidaonetsera, ndipo adapeza timapanga tobisika toposa 50 m'mapuloteni ake momwe mankhwala angathe kukakamira. Kapanga kotere si mankhwala. Ndi malo oti wina akayese mulabotale, kenaka pa nyama, kenaka pa anthu, ndipo mankhwala ambiri oyesedwa amafera m'njira. Yemwe adalowa poyembekezera mbulu wa mankhwala pofika Khrisimasi adaona ngati wanamizidwa. Yemwe adauzidwa bwino adadziwa kuti wathandiza kujambula mapu.

Apa ndi pomwe ndimaona kuti mapointsi aja amaononga. Sikirini imakuuzani kuti mwamaliza tizidutswa 5 000, timu yanu yakwera kufika nambala yakuti, ntchito yonse yafika pa liwiro lakuti. Zonsezi zimayeza thukuta, osati zokolola. Kukonola chimanga mitondo makumi awiri n'kwabwino, koma ufa sudabwere. Pakufunika lichero, pakufunika wina wodziwa kusiyanitsa mphale ndi gaga. Magulu ambiri a kafukufuku wotere ndi a anthu ochepa, ndalama zawo n'zoperewera, ndipo zomwe apeza amazilemba m'Chingerezi cholimba cha m'magazini a akatswiri chomwe wodzipereka wamba sangachimve. Mapeto ake munthu amatumikira zaka zisanu osadziwa ngati ndime yake idabala kanthu.

Wina angafunse kuti ife kuno zikutikhudza bwanji, poti magetsi ndi intaneti yoti kompyuta izikhala yoyaka usiku wonse si za aliyense. Zikutikhudza ngati olandira zotsatira. Kuyambira cha mu 2006 mpaka 2016 kudali ntchito yotchedwa malariacontrol.net, ya bungwe la Swiss Tropical Institute la ku Basel, lomwe pano limatchedwa Swiss TPH. Makompyuta a anthu odzipereka ankayerekezera midzi ya anthu masauzande ambiri, aliyense ndi msinkhu wake, chitetezo cha m'thupi chake, kulumidwa ndi udzudzu kwake, n'kumaona chomwe chingachitike mukabweretsa maneti, mankhwala kapena katemera. Pulogalamu yomwe idakulira mmenemo imatchedwa OpenMalaria.

Pomwe bungwe la WHO linkalingalira za katemera wa malungo wa RTS,S, silidadalire pulogalamu imodzi. Magulu anayi, kuphatikizapo la Swiss TPH ndi la Imperial College London, adapatsidwa funso limodzi, ndipo zotsatira zawo zidasindikizidwa pamodzi m'magazini ya The Lancet kumayambiriro kwa 2016. Kwa ana 100 000 olandira katemera kanayi m'madera omwe malungo ndi ofala, nambala ya pakati idaonetsa kuti imfa 484 zikhoza kupewedwa pa zaka 15. Koma malire ake adali kuyambira 189 mpaka 859. Mukuona msampha womwe uja? Wofuna kutamanda katemera akadalemba 859, wofuna kumunyoza akadalemba 189, ndipo onse akadati "asayansi atero". Chomwe chidali ndi phindu n'choti mapulogalamu anayi opangidwa mosiyana adaloza mbali imodzi.

Ngakhale apo, zoyerekeza sizidalowe m'malo mwa kuyesa pa anthu enieni. Pa 23 April 2019 Malawi idakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemerayu kwa ana mu ndondomeko yoyesera, kenaka Ghana ndi Kenya adatsatira. WHO idavomereza katemerayu mu October 2021, ndipo mu 2023 idalengeza kuti m'madera omwe ankaperekedwa imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayu zidatsika ndi 13 pa 100 aliwonse. Kompyuta idanena komwe kuli koyenera kuponya khasu. Umboni udachokera m'zipatala za m'maboma mwathu muno.

Chovuta kwambiri kuchimvetsa, ndipo mwina chovuta kwambiri kuchilandira, ndi pomwe yankho lili "sitidapeze kanthu". Einstein@Home idayamba mu 2005 kusaka mafunde a mphamvu yokoka, omwe Albert Einstein adalosera, ochokera ku nyenyezi zakufa zothinana kwambiri. Nyenyezi yotere imakhala ya makilomita pafupifupi 20 okha m'mimba mwake koma yolemera kuposa dzuwa, ndipo ikakhala ndi kachitunda pamwamba pake, kuzungulira kwake kumayenera kutulutsa mafunde osalekeza. Mafunde a mtundu wina, ochokera ku kugundana kwa ma black hole, adamveka ndi makina a LIGO mu September 2015, koma osati kudzera mwa odzipereka. Osalekeza aja, zaka zonsezi kusaka kwakhala kukubwerera chimanjamanja. Kodi ndiye kuti ntchito yapita pachabe? Ayi. Kusaka kulikonse kumatsitsa denga: kumanena kuti ngati mafundewo alipo, mphamvu yake ndi yochepera apa, choncho zitunda za pa nyenyezizo sizingakhale zazitali kuposa apa. Mlenje yemwe wasesa tchire lonse osaona njovu wadziwa kanthu za tchirelo, ngakhale sanganene za mbewa.

Ndipo panjira adatola zina. Mu 2010 makompyuta a banja lina la ku Iowa ku America ndi munthu wina wa ku Germany adazindikira pulsar, nyenyezi yakufa yothwanima ngati nyali ya galimoto la apolisi, yozungulira maulendo 41 pa sekondi. Eni makinawo sadadziwe kanthu mpaka atauzidwa. Sidalengezedwe mpaka akatswiri ataiona okha pa zomwe makinawo adasankha, n'kuilozetsa madishi ena akuluakulu monga la Green Bank kuti aimvenso. Kuchokera apo ntchitoyi yapeza ma pulsar makumi angapo.

Koma palibe nkhani yoonetsa kutalika kwa mtunda pakati pa kukonola ndi kupeta kuposa ya SETI@home. Cholinga chake chidali kumvetsera ngati kuthamboko kuli zamoyo zanzeru zomwe zikutumiza mafunde a wailesi. Ankatenga zomwe chidishi cha mamita 305 cha ku Arecibo, pa chilumba cha Puerto Rico, chinkamva pafupi ndi mlingo wa 1 420 MHz, pomwe mpweya wa hydrogen umalirira mwachilengedwe. Maganizo adali oti wanzeru aliyense wodziwa zakuthambo angasankhe pamenepo poitana anzake. Munthu aliyense ankalandira kachidutswa ka masekondi pafupifupi 107, ndipo pa sikirini pake pankavina mizere ya mitundumitundu, ina n'kumatumphuka ngati minga. Anthu oposa 5 miliyoni adalowapo. Ambiri ankayang'anitsitsa mingayo mtima uli m'mwamba, poganiza kuti mwina ndi iwo amve moni woyamba wa kuthambo.

Zoona zake n'zoti minga yotere idali yosawerengeka. Pa zaka 21 makompyutawo adatola zizindikiro pafupifupi 12 biliyoni. Pafupifupi zonse ndi phokoso wamba kapena phokoso lathu lomwe: ma radar, masetilaiti, nyumba zoulutsira mawu, zipangizo zamagetsi. Dishi lofuna kumva kunong'ona kwa nyenyezi limamvanso chilichonse cha pakhomo. Ku Parkes ku Australia, akatswiri adazunguzika kwa zaka zingapo ndi zizindikiro zachilendo, mpaka mu 2015 adapeza kuti zinkachokera ku microwave ya pamalo pomwepo, wina akatsegula chitseko isadazime poti njala yamupweteka.

Chizindikiro chimodzi pachokha sichinena kanthu. Chomwe chingakhale ndi tanthauzo ndi chomwe chikubwerabwera kuchokera pa malo amodzi a thambo, pa mlingo wofanana, pa masiku otalikirana, ndipo chimazimirira dishi likaloza kwina. Izi kompyuta ya munthu mmodzi siingaone, poti ili ndi masekondi 107 okha. Zimafunika kusonkhanitsa zonse pamodzi. Mu 2004 nkhani idawanda padziko lonse kuti chizindikiro china chotchedwa SHGb02+14a, chomwe chidamveka katatu, chikhoza kukhala cha zamoyo zakuthambo. Eni ntchito ku Berkeley adafulumira kuziziritsa nkhaniyo. Chidali chofooka, mlingo wake unkasuntha mwachangu, ndipo mukakhala ndi zizindikiro mabiliyoni, zina zimagwirizana mwangozi basi, monga momwe pa anthu ambirimbiri ogula matikiti a mpikisano wina amayenera kupambana ndithu.

Pa 31 March 2020 SETI@home idasiya kugawa ntchito kwa anthu. Chifukwa chake sichidali kusowa odzipereka. Nkhokwe idadzaza, opeta adachepa. Anderson mwini wake adanenapo kuti mpaka cha mu 2016 gulu lawo lidali lisadakonze bwinobwino chomwe lidzachite ndi mulu wa zizindikiro zomwe lidasonkhanitsa. Taganizani, zaka 17 anthu akubweretsa zokolola. Mu December 2020 chidishi cha Arecibo chidagwa zingwe zake zitaduka, kotero mwayi wobwerera pa makina omwewo kukamvetseranso udatha.

Kupetako kudachitikira pa makompyuta akuluakulu a Max Planck Institute ku Hannover, ku Germany, ndipo njira imodzi yomwe adagwiritsa ntchito ndi yofunika kuimvetsa chifukwa imayankha funso lomwe ambiri safunsa. Mukamachotsa phokoso, mungadziwe bwanji kuti simukutaya mphale pamodzi ndi gaga? Iwo adapanga zizindikiro zabodza pafupifupi 3 000, zofanana ndi zomwe zamoyo zakuthambo zikadatumiza, zina zamphamvu zina zofooka, n'kuzibisa m'mulu muja. Kenaka adayendetsa sefa yawo n'kuona kuti ndi zingati mwa zobisidwazo zatulukira pamwamba. Sefa ikameza zambiri, ndiye kuti ndi yokhwima kwambiri, aifewetse. Ikalola phokoso lambiri, aikhwimitse. Mwa njira imeneyi adatha kunena kuti kusaka kwawo kukadagwira chizindikiro cha mphamvu yakuti, cha mtundu wakuti, pa gawo la thambo lomwe Arecibo inkatha kuona. Popanda muyeso umenewu, mawu oti "sitidamve kanthu" sasiyana ndi a gonthi.

Zotsatira zidasindikizidwa mu 2025 m'magazini ya The Astronomical Journal, patatha zaka 26 chiyambireni ntchitoyi. Sizikunena kuti kuthambo kulibe zamoyo. Zikunena kuti pa mlingo wopapatiza womwe adamvetsera, pa gawo la thambo lomwe adaona, m'zaka zomwe adatchera khutu, padalibe chizindikiro champhamvu chobwerezabwereza chomwe chidaonekeratu poyera. Ofufuzawo adafotokozanso malo omwe sefa yawo idali yofooka ndi zomwe akadachita mosiyana, zomwe omwe akubwera pambuyo pawo adzazifuna kuposa china chilichonse.

Pa 12 biliyoni paja, makina adasefa mpaka kutsala zochepa zoti maso a munthu angathe kuziona. Akatswiri adakhala pansi n'kuunika pafupifupi 1 000 chimodzichimodzi, ndipo adasankhapo pafupifupi 100. Zimenezi adazipereka ku chidishi cha FAST cha mamita 500, chomwe chili m'chigawo cha Guizhou ku China, kuti chiloze pa malo aliwonse mwa malo amenewo n'kumvetseranso. Eni ntchitowo sakuyembekezera kuti mwa 100 zimenezi mutuluka moni wa kuthambo. Akuganiza kuti zambiri, kapena zonse, zidzapezeka kuti ndi phokoso la pansi pano lomwe lidapulumuka sefa. Koma chilichonse chiyenera kumvetseredwanso, chimodzi ndi chimodzi, chisadafufutidwe pamndandanda.